Mizere iwiri pa mRDT, koma chodwalitsa mwana chinali china: lipoti la mwana wa zaka 3

Lipotili ndi la mwana wamkazi wa zaka 3 ndi miyezi 4 amene anabwera katatu pa chipatala chathu m'masiku 19. Mayi ake avomera kuti ndilembe nkhaniyi, ndipo dzina lake ndi zonse zimene zingamudziwikitse ndazisiya. Chipatala chathu ndi chaching'ono, koma chili ndi wodi ya ana komanso labotale yokhala ndi maikulosikopu imene imagwira ntchito masana. Ndatchuliratu za maikulosikopuyi chifukwa cholakwa chachikulu m'nkhaniyi ndinachita ndine, labotale ili pakhomo lachiwiri kuchokera m'chipinda changa.

Ulendo woyamba

Mwanayu anabwera atatentha thupi masiku 2, akusanza apo ndi apo, koma akumwa bwinobwino. Ankalemera makilogalamu 12.6 ndipo thupi linatentha madigiri 38.9. Mnzanga amene anali pa ntchito tsikulo anamubaya pachala n'kuyeza ndi mRDT, kachipangizo koyezera malungo mwachangu, kofufuza HRP2, puloteni imene tizilombo ta malungo timapanga. Mizere yonse iwiri inatuluka mosakayikitsa, kusonyeza malungo. Anapatsidwa mankhwala a malungo a LA, piritsi limodzi kawiri pa tsiku kwa masiku 3, monga ziyenera kukhalira kwa mwana wolemera makilogalamu 5 mpaka osafika 15. Mayi akuti anamaliza mapiritsi onse 6 osasanza ngakhale limodzi, ndipo tsiku lachitatu anali atayamba kale kuthamanga panja.

Pa ulendo umenewu palibe chodzudzula. Kadontho ka magazi ka maikulolita 5, timadontho ta madzi ake a m'kabotolo, kudikira mphindi 15 kapena 20 malinga ndi mtundu wa kachipangizo, basi yankho lapezeka. Sipafunika magetsi, sipafunika munthu amene anaphunzira zaka zambiri kuwerenga magazi pa galasi la maikulosikopu. Ife amene tinayamba ntchito tizipangizoti tisanafale tikukumbukira mmene zinalili: mwana aliyense wotentha thupi anali wa malungo, ndipo mankhwala ankaperekedwa mongoganizira. Mu 2010 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti aliyense woganiziridwa malungo ayambe wayezedwa asanapatsidwe mankhwala, ndipo chimene chinachititsa kuti langizo limeneli litheke ngakhale kumalo opanda labotale ndi kachipangizo komweka. Ndimakakhulupirira, ndipo ndimakagwiritsa ntchito tsiku lililonse.

Ulendo wachiwiri, tsiku la 17

Tsiku limeneli ndinamuona ndine. Mayi anabwera ndi buku la kuchipatala latsopano chifukwa lakale linali litadzaza, choncho tsamba limene mnzanga analembapo sindinalione.

"Mayi, mwanayu wayamba liti?"

"Dzana, adokotala. Thupi likungotentha, chakudya akukana, ndiye m'mimbanso mwatsegula pang'ono."

"Mwamupatsako mankhwala ena alionse kunyumba?"

"Panado yekha basi."

Mayi anayankha zoona, koma funso langa linali lopereŵera. Ndinafunsa za mankhwala a matenda atsopanowa. Sindinafunse ngati mwanayu wadwalapo malungo mwezi uno.

Thupi linatentha madigiri 39.1. Ankapuma ka 34 pa mphindi, nthiti sizinkaloŵa, khosi linali lofewa, makutu ndi kukhosi kunali bwino. Zikhatho zinali zotuŵa pang'ono, ndipo kapamba ankamveka masentimita 2 pansi pa nthiti. Pa mRDT mzere wa C, wosonyeza kuti kachipangizo kagwira ntchito, unaoneka bwino; wa T, wosonyeza malungo, unali wozimiririka, koma unalipo. Lamulo lake timalidziwa tonse ndipo ndi lolondola: mzere ngakhale ukhale wosaoneka bwino, ndi mzere ndithu. Ndinalemba malungo, ndinalemba LA ndi ORS ndi zinc, ndinaitana wotsatira.

Ulendo wachitatu, tsiku la 19

Anabweranso patapita masiku 2, atamwa kale mapiritsi 4 a LA. Mayi anamutsitsa kumsana n'kumugoneka pa bedi chifukwa sankatha kukhala yekha. Kutentha kunali madigiri 39.8, kupuma ka 46 pa mphindi, mtima ukugunda ka 164. Anali wofooka kwambiri koma ankatsegula maso akaitanidwa dzina, ndipo sanakomokepo. Zikhatho ndi zikope zinali zitatuŵa kuposa dzana. Sikelo inaonetsa makilogalamu 12.1. Hb, muyeso woonetsa ngati magazi achepa m'thupi, inali 6.8, shuga wa m'magazi 4.2. Mu chifuwa simunkamveka chachilendo.

Apa mpamene mayi ananena mawu amene ndinayenera kuwafufuza kale: "Adokotala, LA ameneyu ulendo uja anamuthandiza msanga, koma pano ayi."

"Ulendo uti, mayi?"

"Masabata awiri apitawa, kapena kupitirira pang'ono. Anayezedwa pompano."

Tinapeza dzina lake m'kaundula wa tsiku loyamba lija, ndipo masiku anagwirizana.

Tinamugoneka. Tisanamubaye mankhwala alionse tinatenga magazi opaka pa galasi, amene timangoti ma MP, ndi ena a m'botolo lomeretsera mabakiteriya, limene tinatumiza ku labotale ya chipatala chachikulu. Tinatenganso madzi a pamsana chifukwa cha kufooka kuja, ndipo anatuluka oyera mbee, opanda maselo ochuluka. HIV sinapezeke, ndipo tepi yapamkono sinaonetse kunyentchera. Mwana wosatha kukhala tsonga amene mRDT yake ili ndi mizere iwiri sayembekezera zotsatira, choncho tinayamba artesunate, mankhwala a malungo aakulu obayira mumtsempha, mamiligalamu 3 pa kilogalamu iliyonse monga zimakhalira kwa ana osafika makilogalamu 20, ndiye kuti mamiligalamu 36, pa ola loyamba, pa maola 12 ndi pa maola 24. Nthawi yomweyo tinayambanso ceftriaxone, mankhwala opha mabakiteriya, galamu 1 kamodzi pa tsiku. Kuika magazi sitinafikepo, koma Hb tinkaiyeza tsiku ndi tsiku.

Galasi loyamba linalibe kachilombo ngakhale kamodzi. Tinabwereza patapita maola 12, kenako maola ena 12, ndipo onse anali chimodzimodzi. Wa mu labotale wathu, amene amayang'ana galasi modekha kwambiri, anandiitana kuti ndidzaone ndekha: m'maselo oyera ochepa a mtundu wa monocyte munali timadontho takuda ta zotsalira zimene tizilombo ta malungo timasiya tikadya magazi, koma m'maselo oyera a mtundu wa neutrophil munalibe. Timadonthoti timatha msanga m'ma neutrophil, m'masiku oŵerengeka, pamene m'ma monocyte timakhalitsa kupitirira sabata. Chithunzicho chinkaloza ku malungo amene anadutsa kale.

Patapita masiku 3 labotale yaikulu inatiimbira. M'magazi munamera bakiteriya wotchedwa Salmonella, osati woyambitsa taifodi koma wa mtundu wina. Sankamva ampicillin, cotrimoxazole ndi chloramphenicol, koma ankamva ceftriaxone ndi ciprofloxacin.

Thupi linasiya kutentha tsiku lachinayi la ceftriaxone. Hb inatsika kufika 6.3 tsiku lachiŵiri kenako inayamba kukwera yokha. Ceftriaxone tinamupatsa masiku 10. Popeza artesunate tinali titamuyamba, tinamalizitsa ndi mankhwala ena akumwa a malungo a gulu la ACT (gulu lomwelo la LA), osati LA, kwa masiku 3.

Chimene mzere uja unkanena

Kachipangizoka sikaona kachilombo. M'kati mwake muli kapepala kamene anaikapo ma antibody, amene ali ngati msampha wotcheredwa nyama imodzi yokha. Magazi akamayenda m'kapepalako, puloteni imene msamphawo ukuidikira imakodwa, ndipo mzere umatuluka. Pa tizipangizo tambiri puloteniyo ndi HRP2, imene imapangidwa ndi mtundu umodzi wokha wa tizilombo ta malungo, Plasmodium falciparum. Funso limene kachipangizo kamayankha ndi lakuti, kodi HRP2 ilimo m'magazi awa? Funso limene ine ndinali nalo tsiku la 17 linali lina: kodi chikutenthetsa thupi la mwana uyu lero n'chiyani? Ndinatenga yankho la funso loyamba n'kuliika pa lachiŵiri.

HRP2 ili ngati phulusa, limene limatsala moto utazima kale. Tizilombo tikafa ndi mankhwala, puloteniyi imakhalabe m'magazi masabata 2, 4, nthawi zina kupitirira apo, ndipo tizilombo tikakhala kuti tinali tambiri pachiyambi, imachedwanso kwambiri kutha. Chimodzi mwa zifukwa zake ndi ntchito ya kapamba. Mankhwala a gulu la artemisinin, monga artesunate ndi amene ali mu LA, akapha kachilombo kakadali kakang'ono m'selo lofiira, kapamba amakatulutsamo n'kulibweza selolo m'magazi lili lamoyo, koma likadali ndi HRP2. Selo limenelo limayendayenda m'thupi masiku ambiri, ndipo likafika pa kachipangizo, mzere umatuluka. N'chifukwa chake malangizo a WHO amati munthu akabweranso ndi kutentha thupi pasanathe masiku 28 chilandirireni mankhwala a malungo, chitsimikizo chichokere pa maikulosikopu kapena pa kachipangizo kofufuza puloteni ina ya tizilomboti yotchedwa pLDH, osati HRP2. Puloteni ya pLDH imatha m'masiku ochepa tizilombo tikafa, ngakhale kuti tizipangizo take nthawi zambiri sitigwira bwino ngati HRP2 tizilombo tikakhala tochepa m'magazi.

Langizo limeneli ndimalidziwa, ndipo ndaliphunzitsapo ena. Chinandisoŵa si chidziwitso ayi, koma funso limodzi la masekondi asanu.

Pali mfundo ina imene sindingaizembe, ndipo woŵerenga wodziwa ntchitoyi waiona kale. Magalasi atatu aja tinawatenga mwana atamwa mapiritsi 4 a LA. Mankhwala amenewa amachotsa tizilombo mofulumira, moti wina akhoza kunena kuti tsiku la 17 tizilombo tinalimo ndithu, kaya chifukwa malungo oyamba aja sanathe kapena mwana analumidwanso, ndipo LA wanga ndiye anayeretsa galasi. Mtsutso umenewu ndi wabwino. Ine ndimaona kuti mzere wozimiririka, timadontho ta m'ma monocyte okha, ndi kutentha thupi kumene kunkakwerabe mwana ali pa LA, zonse zikugwirizana ndi phulusa la matenda akale. Koma umboni umene ukanathetsa nkhaniyi unali galasi la tsiku la 17, ndipo ndinaufafaniza ndekha polemba mankhwala ndisanapake magazi. Chifukwa cha chimenechi mwanayu analandira mankhwala a malungo maulendo atatu m'masabata atatu, ndipo Salmonella anapeza masiku 2 ochulukana m'magazi popanda chomuletsa.

Ndipo tingoyerekeza kuti galasi la tsikulo likanaonetsa tizilombo toŵerengeka. Sizikanatanthauza kuti nkhani yatha. Kumadera kumene malungo amafala kwambiri, ana ambiri amayenda ndi tizilombo m'magazi osadwala, moti mwana wa chibayo, wa matenda oumitsa khosi kapena wa mabakiteriya m'magazi akhoza kukhala ndi mizere iwiri yoona, malungowo ali ongoperekeza. Pa Salmonella wa mtundu umenewu ubale wake ndi malungo ndi wodziŵika bwino mwa ana a mu Africa: amakonda mwana amene wangodwala kumene malungo, amene magazi achepa, wonyentchera kapena amene ali ndi HIV. Malungo akaswa maselo ofiira amafooketsanso maselo oyera amene amadya mabakiteriya. Matendawa alibe chizindikiro chakechake. Mwana amangotentha thupi, kapamba amatupa, magazi amachepa, m'mimba mwina motsegula mwina ayi. Aliyense angaone kuti chithunzichi n'chofanana ndi cha malungo, ndipo mzere wachiŵiri ukatulukanso, maganizo a dokotala amatsekeka pomwepo. Anga anatsekeka.

Mbali inayo: mzere umodzi, malungo alipo

Mwana uyu wandiphunzitsa za mzere umene umatuluka pamene matenda ndi ena, koma kachipangizo kangathenso kukhala chete malungo alipo, ndipo ndikufuna nditchuleko chifukwa sindikufuna wina achoke pano akuganiza kuti ngozi ili mbali imodzi.

Tizilombo tikakhala tochepa kwambiri, kachipangizo sikatiwona. Pa ntchito yoyesa ubwino wa tizipangizoti imene WHO inayamba mu 2008 pamodzi ndi mabungwe ena a zaumoyo a FIND ndi CDC, muyeso wake ndi tizilombo 200 pa maikulolita imodzi, ndipo kachipangizo kayenera kupeza 75 peresenti kapena kuposa pa mlingo umenewu kuti kavomerezedwe. Kwa wodwala weniweni wa malungo mlingowu nthawi zambiri umakwanira, koma pa tsiku loyamba la matenda, makamaka kwa munthu amene thupi lake silinazoloŵere malungo, tizilombo tingakhale tisanafike pamenepo. Kubwereza kuyeza mawa lake si kuwononga zipangizo. Chodabwitsa n'chakuti tizilombo tikachulukanso mopitirira muyeso, HRP2 imatha kudzaza misampha yonse mpaka mzere osatuluka kapena kutuluka mozimiririka. Sizichitikachitika, koma zimagwera wodwala amene ali pa ngozi kuposa onse. N'chifukwa chake mzere wozimiririka sutanthauza malungo ochepa, ndipo kachipangizo sikauza kuchuluka kwa tizilombo. Amene akufuna chiŵerengero, kapena akufuna kudziwa ngati mankhwala akugwira, abwerere ku galasi.

Kachipangizo ka HRP2 yokha sikaona mitundu ina ya tizilombo ta malungo, monga Plasmodium vivax, ovale kapena malariae. Ndipo tsopano palinso falciparum amene anataya jini yopangira HRP2, moti sapanganso puloteniyi. Anapezeka koyamba ku Peru, m'dera la Amazon, ndipo lipoti lake linatuluka mu 2010. Ku Eritrea vutoli linakula mpaka mu 2016 dzikolo linasiya tizipangizo todalira HRP2, ndipo tizilombo totere tapezekanso ku Ethiopia ndi ku Djibouti. WHO imalangiza kuti dziko lisinthe mtundu wa tizipangizo ngati odwala falciparum opitirira 5 peresenti akuphonyedwa chifukwa cha vutoli. Kwa ife ogwira ntchito pansi, gawo lathu ndi kunena msanga tikaona galasi lodzaza tizilombo pamene mRDT ikuti palibe, osangoti wa mu labotale walakwitsa kapena kachipangizo kanali kowonongeka.

Zina ndi za manja athu. Bokosi losungidwa pa kutentha kopitirira kumene kwalembedwa pa chikuto chake, magazi ochuluka amene amadetsa kawindo, madzi a m'kabotolo ka mtundu wina, kuŵerenga zotsatira mphindi zisanakwane chifukwa mzere wa odwala watalika, kapena kuŵerenga patapita ola lathunthu. Mzere wa C ukapanda kutuluka, palibe yankho, kaya wa T watuluka kapena ayi.

Komabe, chilungamo chake n'chakuti pali pamene HRP2 imaposa galasi. Falciparum akakhwima amamatirira m'timitsempha ta m'kati mwa ziwalo, ndipo mwa mayi woyembekezera amabisala m'nsengwa, moti magazi a pachala angaoneke opanda kanthu pa maikulosikopu. Puloteni yake imayendabe m'magazi ndipo kachipangizo kamaigwira. Khalidwe lomwelo lokhalitsa limene linandisocheretsa pa mwana uyu ndi limene limathandiza pa wodwala amene wamwa kale mankhwala pang'ono asanafike kwa ife. N'chifukwa chake tsiku la 19 sindinaimitse artesunate nditaona galasi loyamba, ndipo ndikanati ndibwerere pa tsikulo ndikanachitanso chimodzimodzi.

Zimene tasintha, ndi mmene mwana alili

Titakambirana nkhaniyi pa msonkhano wa m'maŵa, tinagwirizana kuti amene akubaya pachala azifunsa kaye kholo ngati mwana wamwa mankhwala a malungo m'masiku 28 apitawa, ndipo yankho likakhala inde, mwanayo azipita ku ma MP. Akabwera usiku labotale itatsekedwa, timapaka galasi n'kuliumitsa tisanapereke mankhwala, kuti lidzaŵerengedwe m'maŵa. Aliyense wopatsa mwana LA amalemba tsikulo m'kati mwa chikuto cha buku, ndipo buku likadzaza tsikulo limasamutsidwira m'latsopano. Kwa ine pandekha, mwana wa mizere iwiri ndimamuŵerengabe kupuma, kumugwira khosi ndi kumuyang'ana zikhatho ngati kuti sindinaone kachipangizo, ndipo kholo ndimaliuza tsiku lenileni lobwerera thupi likapanda kuzizira.

Mwanayu anatuluka m'chipatala tsiku la 29 kuchokera pa ulendo woyamba, akudya ndiponso akuyenda yekha. Mankhwala owonjezera magazi a ayironi tinayamba atamaliza ceftriaxone, osati matenda a mabakiteriya ali m'kati. Anabweranso kudzaonedwa patapita masabata 2. Ankalemera makilogalamu 12.8, Hb inali 9.6, kapamba sankamvekanso, thupi linali madigiri 36.7.

Mayi anafunsa kuti, "Nanga pachala simumubaya, adokotala, tione ngati malungo anatheratu?"

Ndinawafotokozera kuti kachipangizoko kangathe kuonetsabe mizere iwiri mwana ali bwinobwino, ndipo kuti thupi likadzatenthanso m'masabata akubwerawa anene pakhomo pomwe kuti mwana anali pa mankhwala a malungo, asadikire kufunsidwa. Anandipempha kuti ndiwalembere zimenezi m'buku kuti akaonetse bambo a mwanayo. Ndinalemba, pamodzi ndi tsiku lodzayezanso Hb pakatha mwezi umodzi.